Nkhondo ya Nkhwali Yachisanu

M'chaka chimene mvula inachedwa m'dziko la Morocco mpaka nkhosa zinayamba kudya makatoni, chaka chimene msewu wa ku Ain Sefsaf unathiridwa phula kuchokera pamsika kukalekeza pakhomo penipeni pa meya, osapitirira ngakhale phazi limodzi, m'masiku aja akuluakulu a ku likulu atadinda chikalata chotsegulira nyengo ya ulenje ndi kulamula kuti mlenje aliyense aphe nkhwali zinayi pa tsiku, zinayi zokha basi, kunabuka nkhondo imene inang'amba tauni pakati, inadanitsa apongozi, ndipo inayendetsa amuna makumi anayi ndi ndevu zosameta kwa masiku khumi ndi limodzi. Mulungu atalikitse mpweya wa wosimba nkhaniyi, ndipo mwini tiyirumu asamulande kapu asanamalize, pakuti zimene zinachitika m'mapiri a Tafrant sizinaonekepo chiyambire kupangidwa kwa onga.

Ngwazi ya nkhondoyi anali a Thami mwana wa Bouazza, Lumo la Ain Sefsaf, Mgwetsa-ndevu, Diso la Mphamba, munthu yekhayo m'chigawo chonse amene ankauza woweruza milandu kuti "kwezani chibwano," woweruzayo n'kukwezadi. Kwa zaka makumi anayi ndi zitatu anameta tauni yonse m'kashopu kawo ka mpando umodzi, moyang'anana ndi tiyirumu ya Hammou: akwati, opita ku Maka, apolisi, ndi ana olira. Makina ankawanyoza. Lawo linali lumo lenileni lopinda, lonoledwa pa lamba wachikopa, ndipo munthu ankadzuka pampandopo masaya ali see ngati mbale. Pamwamba pa galasi panali zithunzi za ulemerero wawo wachiwiri: a Thami akadali ndi tsitsi lakuda, mfuti ya mipope iwiri ya malemu bambo awo ili paphewa, nkhwali zitayalidwa pa boneti ya galimoto ya munthu wina.

Koma Diso la Mphamba linali ndi chinsinsi, ndipo chinsinsicho chinali diso lomwelo. Kwa zaka zinayi nkhungu inakhala ikulowa m'maso mwa a Thami pang'onopang'ono, osagogoda n'komwe. Nkhope za anthu zinasanduka zigamba. Makasitomala ankawazindikira ndi mawu, ena ndi fungo, ndipo ankameta ndi nsonga za zala, zimene zinkadziwa njerewere iliyonse ya mu Ain Sefsaf. Dokotala amene chaka ndi chaka ankasaina pepala lakuti maso awo ndi oyenera mfuti ankasainira pampando womwewo ali ndi thovu kumaso, ndipo munthu amene lumo lili pakhosi pake safunsa mafunso ambiri.

Kutchire kokha n'kumene zala sizikanawathandiza. Nyengo zitatu zotsatizana anabwerako chimanjamanja. Chaka choyamba anati ndi mphepo. Chachiwiri anati onga wa masiku ano ndi ufa wa buledi. Chachitatu anati galu wakalamba. Ndiye manong'onong'o anayamba kuyenda pakati pa matebulo a kwa Hammou. Mlenje wamba akaphonya amasekedwa, n'kumwa tiyi wake, n'kupita kwawo. Koma wometa akaphonya mbalame yonenepa ngati ketulo, anthu amayamba kusisita makosi awo. A Thami ankadziwa kuti akabwerakonso opanda nthenga kachinayi, mpando wawo uzizira mpaka kalekale, ndipo popanda mpando umenewo iwo sankadziwa kuti ndi ndani. Ankaopa kwambiri, ndipo sanauze munthu.

Mdani wawo anali a Allal, Mfumu ya Matumba, Mnenepetsa-nkhuku, Mimba-imalonjera-poyamba, wogulitsa chakudya cha nkhuku kuseri kwa mzikiti, amene anayamba ulenje imvi zitamera kale, atagula mfuti ya ku Italy, chipewa cha nthenga ndi malaya a matumba khumi ndi anayi asanaonepo nkhwali yamoyo. Pakati pa zimphona ziwirizi panali Kaddour, Mwini Mapiri, amene anabwereka ku boma mapiri a Tafrant n'kuwazunguliza zikwangwani, namabweretsa alendo olemera a kutsidya kwa nyanja kuti adzaombe mfuti, adye nkhosa yootcha, ajambulitse. Mlendo wa Kaddour sankabwerera wopanda kanthu. Ngakhale amene ankatsinzina poomba ankapha zinayi zake, ndipo Kaddour ankati ndi madalitso a phirilo. Pangano lake ndi boma linali lakuti akafuna kuwonjezera nkhwali zoweta azizimasula miyezi itatu nyengo isanatsegulidwe, kuti zizolowere thengo ndi kuiwala anthu, ndiponso kuti tsiku lotsegulira azilola bungwe la alenje a m'tauni kusaka ulere.

Tsiku lalikululo linafika. Atatha mapemphero a m'mawa, a Thami anamanga lamba wa zipolopolo m'chiuno mwaulemu wonse woyenera mfumu yopita kukalanda dziko. Mkazi wawo, mayi Batoul, amene pa zaka makumi anayi za ukwati sanamvekepo akuvomereza liwu limodzi la amuna awo, anawapatsira buledi ndi azitona.

"Ndagula kale nsomba za m'chitini," anatero. "Musadzivute."

Gulu lankhondo linanyamuka pa magalimoto asanu, lachisanu ndi chimodzi likukankhidwa. Mapiri anagwedezeka, abulu anathawa, ndipo pofika dzuwa paliwombo a Allal anali atapha zinayi zawo, pomwe a Thami anali atapha jumbo yakuda imodzi ndi kuvulaza mwala.

Apo m'pamene zinachitika. Ngwazi ziwirizi zinakumana m'malire a malowo, pafupi ndi chikwangwani chachitsulo cholembedwa ndi utoto wofiira kuti MALO A ULENJE, OSALOWA. Kumusi kunadutsa galimoto ya Kaddour ikuliza hutala. Nthawi yomweyo m'chitsamba munatuluka nkhwali, yonenepa, yosalala, ikuthamangira kumene kunamveka hutalako ngati mwana wochingamira amake ochokera kumsika. Itaona anthu awiri a mfuti inadzidzimuka, inakupiza mapiko movutikira, n'kudzuka. A Thami sanaone kanthu. Anamva phaphapha, anatchula dzina la Mulungu, n'kuombera phokosolo. A Allal nawo anaomba. Phuu! Phuu! Kenako chikwangwani chinalira kuti ngwee, nkhwali n'kugwa patsinde pake kuti khu.

Mawondo a a Thami, a zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, sanathamangepo chotero. A Thami anagwira miyendo ya mbalameyo pa nthawi imene a Allal anagwira mutu.

"Chotsani dzanja, a Allal!" linabangula Lumo la Ain Sefsaf. "Chotsani dzanja lonunkha gaga pa nyama ya mwana wa Bouazza! Ine ndinaiona isanaganize n'komwe zouluka. Ndatchula dzina la Mulungu, ndaomba, yagwa. Mboni yanga ndi phiri ili, ndi mafupa a bambo anga amene anapha nguluwe pano inu mukadali kuyamwa!"

"Mwaiona? Inuyo?" inayankha Mfumu ya Matumba, mimba ikugwedezeka ndi ukali. "Madala, m'mawa uno mwalonjera bulu wa Kaddour mpaka kumufunsa za ana! Mbalame iyi yagwa ndi mfuti yanga. Inu mwaomba mtambo, ndipo mtambowonso mwauphonya!"

"Bulu uja anandiyankha mwaulemu kuposa inu!"

Anakokana, nthenga zikuuluka, alenje ena akuthamangira kudzaonerera. Koma nkhondo isanafike pa mimba kugundana, panatulukira mlonda wa nkhalango, munthu wa boma wa yunifolomu yobiriwira, kabuku kali m'manja. Anaona ziphaso za onse awiri, anaona mapepala a mfuti, kenako anatsegula chikwama cha a Allal.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Chabwino, zakwana. Nanga iyo mwagwira mutuyo?"

Aliyense pamalopo ankadziwa kuti nkhwali yachisanu imalanditsa mfuti ya mwini wake. A Allal anataya mutu wa mbalameyo ngati agwira khala lamoto.

"Iyi? Aaa, bwana, iyitu ndi ya achimwene anga a Thami! Ine ndimangowathandiza kunyamula, paja msana. Mukanaona kuomba kwawo! Diso la Mphamba lenileni!"

Mlonda analemba m'kabuku: Thami mwana wa Bouazza, nkhwali imodzi. A Thami anamva cholembera chikukanda pepala, mtima wawo n'kuimba. Koma fumbi la njinga yamoto ya mlondayo lisanakhazikike, dzanja lonunkha gaga linabwereranso pamutu pa mbalame.

"Pamaso pa boma ndi yanu," anatero a Allal. "Pamaso pa Mulungu ndi yanga."

Motero nkhwaliyo inatengedwa ukapolo. Bungwe la alenje linagamula kuti isungidwe m'firiji ya Hammou, pakati pa zakumwa ndi ayisikirimu, kufikira chilungamo chitadziwika, ndipo kiyi anamangidwa m'khosi mwa Hammou mwini.

Tsono imvani za masiku khumi ndi limodzi a mdima. A Allal ankaombera zipolopolo za timibulu ta mtovu tokulirapo, ta nambala sikisi, pomwe a Thami, monga bambo awo, ankakhulupirira ting'onoting'ono ta nambala seveni. Tauni inagawikana momwemo. A Sikisi analanda matebulo a pakhonde la tiyirumu, a Seveni n'kumanga linga mkati pafupi ndi wailesi yakanema. Anthu amene chibadwire sanagwirepo mfuti ankakangana za kulemera kwa mtovu mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Wophika buledi anakana kulandira moni wa mlamu wake. Ukwati umodzi unaimitsidwa kaye. Shehe analalikira za kukhululukirana Lachisanu, ndipo mbali zonse ziwiri zinagwedezera mitu mokhutira, iliyonse ikudziwa kuti akunena inayo.

Koma a Allal sankamenya nkhondo ya mtovu ayi. Iwo anapeza pofewa. Tsiku lachitatu anaima pakhonde la Hammou, anthu ali tcheru, n'kukweza dzanja moyang'ana kashopu ka kutsidya kwa msewu.

"A Thami! Diso la Mphamba inu! Tandiuzani, zala izi ndi zingati?"

A Thami anaima pakhomo pawo, lumo lili m'manja. Chimene ankaona chinali chigamba chachikulu chokhala ndi kachigamba pamwamba.

"Ine sindiwerenga zala za munthu amene chala chake chachikulu chimagona pa sikelo!" anafuula.

A Seveni anaomba m'manja, matebulo anamenyedwa, ndipo tsikulo linalembedwa ngati chipambano. Koma anthu si ana. Anaona kuti funso silinayankhidwe. M'mawa mwake dokotala anadutsa pakhomo la shopu akuyang'ana foni. Mphunzitsi wamkulu anati akusunga ndevu pa zifukwa za chipembedzo. Bambo wina anabwera ndi mwana wake woti akwatira Loweruka, anaima pakhomo, anayang'ana lumo, anayang'ana khosi la mwana wake, n'kunena kuti aiwala chinthu kunyumba. Ngakhale a Seveni enieniwo, amene ankalumbira kuti angafere a Thami, ankafera patali ndithu, ndevu zili nyankhalala. Tsiku lachisanu ndi chiwiri a Thami ananola lumo kasanu popanda tsaya loti alipititsepo, kenako anakhala okha pampando wa makasitomala. Zaka zonsezi anali asanakhalepo. Anapeza kuti ndi wolimba, ndipo analira pang'ono, chitseko chili chotseka.

Tsiku lachikhumi a Allal anaponya mkondo womaliza pamaso pa bungwe lonse.

"Ing'ambidwe! Mbalameyo ing'ambidwe, mtovu ulankhule wokha! Mukapezeka seveni, ine ndidya chipewa changa ndi nthenga yomwe. Mukapezeka sikisi, madala awa apachike mfuti ndi lumo pa msomali umodzi!"

A Thami akanakana bwanji? Mumtima ankadziwa kuti anaombera phokoso. Koma phokoso nalonso limakhala ndi mwini wake, ndipo timibulu ta seveni ndi tambiri. Mwina kamodzi kanasochera n'kukafika.

"Ing'ambidwe!" anatero, mawu akunjenjemera, anthu n'kuyesa kuti ndi ukali.

Amene anadabwitsa anthu ndi Kaddour. Analumpha pampando ngati walumidwa ndi chinkhanira.

"Akuluakulu, tiyeni tichite manyazi. Mbalame imang'ambidwa ngati chikwama cha wakuba? Bwerani Lamlungu, ndikupatsani tsiku lina laulere, aliyense aphe zake. Iyi tiitaye, yakhalitsa."

Palibe anamumvera. Vuto linali lopeza wong'amba, pakuti m'tauni monse munalibe mwamuna wopanda mbali. Atakangana mpaka tiyi kuzizira, a Allal eni ake anatchula dzina la mayi Batoul. Anthu anayang'anana, n'kuvomereza onse. Mayiwo anasosola mbalame za alenje kwa zaka makumi anayi, ndipo panalibe mantha akuti angaikire kumbuyo amuna awo.

Tsiku lakhumi ndi chimodzi nkhwali inatulutsidwa m'firiji, inakutidwa ndi nsalu, inanyamulidwa pa thireyi yamkuwa ya tiyi, tauni yonse ikutsatira pambuyo. Pakhomo la a Thami mayi Batoul analowetsa anthu atatu okha: amuna awo, a Allal, ndi Kaddour ngati mboni.

"Enanu khalani panja. Ndakolopa."

Pabwalo lamkati, pansi pa mtengo wa ndimu, mayiwo anaviika mbalameyo m'madzi otentha n'kuyamba kusosola. Ngwazi zinaima uku ndi uku, manja ali pachifuwa. Nthenga zitatha anaitembenuza, anaikweza padzuwa, anaitembenuzanso, anaipapasa m'mapiko ndi m'ntchafu.

"Palibe," anatero.

"Palibe chiyani, mayi?" anafunsa a Allal.

"Palibe bala. Palibe sikisi, palibe seveni, ngakhale polumidwa ndi udzudzu palibe. Khosi lathyoka, mlomo wapindika, ndipo pamutu apa pali utoto wofiira. Mbalame iyi inadziwomba yokha pa chikwangwani, pothawa phokoso la zitsiru ziwiri. Sinalasidwe, sinazingidwe. Ndi yofa yokha, ndi haramu, Msilamu sangaidye. Masiku khumi ndi limodzi mwakhala mukulimbirana chakudya cha mphaka."

Panja khamu linkamveka likuyimba mayina a magulu awo.

Mayi Batoul sanathere pomwepo. Anang'amba chithokomiro cha mbalameyo, n'kukhuthulira zam'katimo m'mbale.

"Eya, timibulu tapezeka, koma si ta mtovu. A Allal, inu ndinu katswiri. Tanunkhizani."

Pali zinthu zimene munthu wa ntchito yake sangathe kuzibisa. A Allal anatola kambulu kamodzi, anakafikisa ndi zala, anakanunkhiza, ndipo pakamwa panayankha mutu usanalole.

"Ichi ndi cha thumba lachikasu, chokulitsa msanga nkhuku za nyama. M'chigawo chino ndimagulitsa ndine ndekha. Mwezi uliwonse matumba makumi awiri amapita kwa..." Anaima. Khosi linatembenuka pang'onopang'ono. "Kaddour! Iwe unandiuza kuti ukuweta nkhuku!"

"Nanga si nkhuku?" anatero Mwini Mapiri, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Akuluakulu, mundimvetse. Ndikazimasula miyezi itatu isanakwane nyengo, monga likunenera pepala, nkhandwe zimadya zonse sabata yoyamba. Ndiye mlendo akwere ndege, ayende tsiku lonse osaona nthenga? Ndimazitsitsa m'makireti m'mawa wa tsiku lomwelo. Zimadziwa hutala yanga, ndiye belu la chakudya. Zikamveka zimenezi a boma andilanda mapiri. Ndili ndi ana asanu."

"Ndiye zinayi zanga zija..."

"Munazinenepetsa nokha, a Allal," anatero mayi Batoul. "Mukanangozitcha mayina, zikanabwera zokha m'chikwama."

Mfumu ya Matumba inakhala pansi pa ndowa yovundikira. Chipewa cha nthenga chinaoneka cholemera. Koma chilombo chovulala n'chimene chimaluma, ndipo a Allal analoza chala.

"Chabwino, ndaphonya. Koma ine ndaphonya ndikuona. Awa saona! Ndikanena panja pano, ndipo ndinena!"

A Thami anatsegula pakamwa kuti aitane mafupa a Bouazza, koma akazi awo anawatsogolera.

"Saona, inde. Chino ndi chaka chachinayi."

"Batoul!"

"Khalani chete, bambo a Soumia. Mukuganiza kuti mchere umakhala kudzanja lamanja tsiku lililonse chifukwa umakukondani? Ndani amatsokomola pakhomo kuti mudziwe pali sitepe? Malaya a buluu aja mumawakonda anang'ambika kalekale, amene mukuvalawa ndi obiriwira."

A Thami anamva ngati avulidwa pakati pa msika. Zaka zinayi anasenza chinsinsi chawo okha, usana ndi usiku, osadziwa kuti wina akuwanyamulira mbali ina. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali kupepukidwa kumene sanakuyembekeze. Anatembenukira chigamba chachikulu chokhala pa ndowa.

"N'zoona, a Allal. Nkhope yanu sindinaione zaka zinayi. Pa zonse zimene ndataya, chimenecho chokha sindidandaula nacho."

Mayi Batoul anasamba m'manja, anapukuta, n'kupereka mfundo za mtendere ngati mmene mkulu wa asilikali wopambana amachitira ndi mafumu ogonja.

"Tsono mverani, amuna atatu inu. Aliyense wagwira khosi la mnzake. Wina akayasamula, Kaddour ataya mapiri, a Allal adzatchedwa Wopha-nkhuku mpaka m'manda, ndipo awa atseka shopu n'kumakhala m'nyumba muno tsiku lonse, chimene ine sindingalole. Choncho mukauza anthu kuti mumtima mwa mbalame mwapezeka timibulu tiwiri, ka sikisi ndi ka seveni, togundana. Kaddour agula nkhosa ya phwando. Mfuti ya malemu apongozi anga ipachikidwa, isanaphe mwana wa munthu. Ndipo inu a Allal, amene munathamangitsa makasitomala, ndinu muwabweze. Lero lomwe, anthu onse akuona, mukakhala pampando uja. Ndiponso Lachisanu lililonse musanapite ku mzikiti."

"Lumo? Pakhosi panga? Mayi, mwangonena kumene kuti munthuyu saona!"

"Wameta tauni yonse zaka zinayi osaona, ndipo makutu onse alipo. Kapena tikaitane anthu adzanunkhize mbaleyi?"

Chitseko chitatsegulidwa, ngwazi ziwiri zinatuluka zitagwirana manja, Kaddour ali pakati atanyamula kapu ya tiyi m'mwamba, ndipo m'kapumo munali timibulu tiwiri timene mayi Batoul anatulutsa m'zipolopolo ndi mpeni wa anyezi. Khamu linaphulika. A Sikisi anakumbatira a Seveni, wophika buledi anapsompsona mlamu wake pamutu, ukwati uja unabwezeretsedwa. Mphunzitsi wamkulu anafotokoza, ndi manambala, kuti zoterezi zimachitika kamodzi pa zaka chikwi.

Phwando linachitikira kwa Hammou. Nkhosa inadyedwa, koma ulemu wonse unali pa kambale kapakati, pamene panagona Nkhwali ya Mtendere yophikidwa ndi anyezi ndi mphesa zouma. Kunena zoona, inali nkhuku yaing'ono imene mayi Batoul anazingitsa kuseri, pakuti mayiwo bodza analilola koma nyama yofa yokha sakanaidyetsa Asilamu. Inagawidwa tizidutswa makumi anayi. Alenje akuluakulu anatafuna atatsinzina, namati nyama ya kuphiri sisokonekera, mukumva fungo la zitsamba za ku Tafrant? Nkhuku ya m'khola ingafike apa? Nkhwali yeniyeniyo n'kuti mphaka akuimalizira padenga.

Kenako gulu lonse linawoloka msewu. Anthu anadzaza pakhomo ndi pawindo, ena atakwera pa mipando ya tiyirumu. A Allal anayenda kulowera kumpando uja monga nkhosa yokazingidwa imayendera pa tsiku la chikondwerero, anakhala, anamangidwa nsalu m'khosi. A Thami anapaka thovu, ananola lumo pa lamba, shwe, shwe, shwe. Anaika zala zakumanzere pa tsaya la mdani wawo. Zalazo zinapeza fupa, zinapeza chipsera chakale, zinapeza khwinya la pansi pa chibwano.

"Musagwedezeke, achimwene," ananong'ona. "Mtsempha ndikuumva, koma sindikuuona."

A Allal anatseka maso, milomo n'kuyamba kunena mawu aja amene Msilamu amafuna kuti akhale omaliza pakamwa pake. Lumo linatsika, linakwera, linazungulira kholingo, linadutsa pansi pa mphuno. Nsalu itachotsedwa, tsaya linali see, popanda kadontho ka magazi. Ndevu za pamlomo zokha n'zimene zinali zazifupi mbali imodzi ndi chala chathunthu. A Allal anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Anayang'ana khamu. Pakhomo anaona mayi Batoul atanyamula mbale ija ya timibulu ta chakudya cha nkhuku, yovundikira.

"Diso la Mphamba!" anafuula. "Wometa ngati uyu kulibe mpaka ku Casablanca!"

Amuna makumi anayi a ndevu za masiku khumi ndi limodzi anakankhana pamzere, dokotala ali patsogolo. Mwezi usanathe, anyamata ena anayamba kupempha kuti ndevu za pamlomo azizifupikitsa mbali imodzi.

Mfuti ya Bouazza ili pamsomali pamwamba pa galasi, pambali pa kapu ya timibulu tiwiri. Akafunsidwa chifukwa chimene anasiyira ulenje, a Thami amati munthu amene analasa mtima wa nkhwali ndi kambulu kamodzi alibenso choti aonetse. Alendo a Kaddour akuphabe zinayi zawo, ndipo matumba achikasu akukwerabe phiri. Lachisanu lililonse, dzuwa litakwera pang'ono, a Allal amapsompsona ana awo mmodzimmodzi, amauza akazi awo pamene pali makiyi a sitolo, n'kuwoloka msewu kukakhala pampando uja. Ndipo anthu a mu Ain Sefsaf, poona milomo ya a Allal ikugwedezeka pansi pa thovu kuyambira pamene lumo latsegulidwa mpaka litapindidwa, amati m'tauni monse mulibe munthu wopemphera ngati ameneyo.